Chikuta cha Esinati

Ana anga Tiyanjane ndi Madalitso, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga popeza tsopano ndapuma. Za ubwana wanga ndazidumpha, munazimva kale kwa amalume anu ndipo palibe chachilendo. Zaka sindizikumbukira ndi manambala, ndimazikumbukira ndi inu, ndipo ndi mmene ndazilembera. Sukulu ndinalekezera sitandade 5. Mukapeza polakwika mukonze nokha.

Ku Kachebere, chaka chimene Tiyanjane anayamba kukwawa

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala ka mpingo kufupi ndi Kachebere, mbali ya kumalire. Ndinapitako ndi Tiyanjane kusikelo, osati kukafuna ntchito. Sabata imeneyo mayi amene ankakolopa anali atasamukira ku Chipata ndi amuna awo. Anamwino aakulu, Mayi Nachisale, anandiona ndikutola makoko a nthochi amene ana anataya pakhonde, ndipo anandifunsa ngati ndingathe kukolopa ndi kuchapa. Ndinavomera ndi mutu. Anafunsanso ngati amuna anga angalole, ndinavomeranso ndi mutu. Ndiye anati pachipatala mutu sugwira ntchito chifukwa wodwala amakhala atatsinzina, ndiziyankha ndi pakamwa. Ndinali wamanyazi kwambiri masiku amenewo. Ngakhale kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Ntchito inali kusesa, kukolopa, kuchapa nsalu za m'chipinda chochirira, kuwiritsa zitsulo ndi kutunga madzi mpope ukafa. Tiyanjane ankakhala kumsana kwanga kapena pamphasa kuchitando, nyumba imene odikirira odwala amaphikira ndi kugonamo. Kuchitandoko ndinaphunzira zambiri kuposa m'wodi. Kunkabwera anthu a m'midzi ya kuno ndi ena a ku Zambia odzera njira za m'minda, ndipo panalibe wowafunsa chiphaso. Mayi Nachisale ankati asanafunse wodwala pamene pakuwawa, amayamba ayang'ana amene wamuperekeza. Wobwera ndi amake kapena azakhali ake sankamudera nkhawa kwambiri. Wobwera yekha ndi kachikwama ankamugoneka pabedi loyang'anana ndi khomo la ofesi yawo. Anali mayi waukali, wosakonda kuyamikira munthu. Zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito sanandiuzepo kuti ndachita bwino, koma tsiku limene Madalitso anabadwa, nsalu zanga anandichapira okha.

Kuseri kwa Kamwendo, chaka chimene tinaika bambo anu

Bambo anu atamwalira, nyumba ya lendi sindikanaikwanitsa ndekha. Mpingo unanditumiza ku kachipatala kake kena, kuseri kwa Kamwendo, kumene kunali nyumba ya antchito ya zipinda ziwiri. Kachipatalako kanali pakati pa maesiteti a fodya. Odwala ambiri anali matenanti, anthu obwera pa lole kuchokera ku Mulanje, Phalombe, Mangochi ndi Dedza kudzalima fodya wa bwana, n'kumalandira phoso mpaka fodyayo atagulitsidwa. Ankakhala m'tinyumba taudzu m'mphepete mwa minda, banja lililonse pafupi ndi chigafa chake choyanikamo fodya. Ambiri sankadziwana bwino ndi oyandikana nawo, chifukwa chaka chilichonse ena ankachoka ena n'kubwera.

Wamkulu wathu anali Bambo Chimphepo. Sanali dokotala wa ku yunivesite, koma anthu onse ankawatcha adokotala ndipo ntchito ya udokotala ankaigwira okha. Anali munthu wodekha, wokonda kukamba za dziko pa nthawi ya tiyi. Kusowa kwa zinthu kunali kwa masiku onse. Magolovesi tinkawachapa n'kuwayanika pachingwe ngati masokosi. Palafini wa firiji ya katemera akatha, a Chimphepo ankaika katemerayo m'bokosi n'kupita naye pa njinga yamoto kukamusungitsa kwina. Ambulansi inali imodzi ya dera lonse, ndipo dzinja msewu wathu unkaikana. Mankhwala ndi malipiro a anamwino zinkachokera kuboma, pamene nyumba ndi ife okolopa tinali a mpingo.

Za matenda a maganizo tinalibe chilichonse. Munthu akasokonezeka, abale ake ankayamba kwa asing'anga, ena mpaka kuwoloka malire, ndipo kwa ife ankafika naye atamumanga manja ndi chitenje, zinthu zitaipa kale. Amene ankangokhala chete, osadya, osasamba, palibe ankamuwerengera kuti akudwala. Ankati ndi ulesi kapena mwano.

A Chimphepo sankadandaula za boma monga ankachitira ena. Ankati vuto ndi lakuti anthu amafuna boma lichite zonse, nalonso boma limavomera zonse, mapeto ake palibe chimene chimatheka bwino. Ankati boma likanasankha zochepa zimene mudzi sungathe pawokha, monga mankhwala, katemera, msewu ndi munthu wophunzira ntchito, n'kuzigwira zimenezo osaphonya, zotsalazo n'kusiyira mabanja, mipingo ndi eni esiteti. Namwino wathu, Mayi Zimba, ankawatsutsa. Ankati mawu amenewo ndi okoma kwa munthu amene ali ndi abale, nanga tenanti? Ine ndinkangowathirira tiyi. Sindinkaona kuti nkhani imeneyo ikundikhudza.

Dzinja limene Madalitso analowa sukulu

Esinati anadzachira mwana wake woyamba pachipatala pathu mu Januwale, fodya atayamba kuthyoledwa. Anali wa ku Phalombe, wamng'ono kuposa mmene ndinalili ine polowa ntchito. Anamuperekeza ndi mwamuna wake Mateyu basi, amene anangomusiya pakhomo n'kuthamangira kumunda. Kuchitando analibe womuphikira, phala ndinamupatsa ndine. Anachira bwino, mwana wamkazi, ndipo atatuluka ndinamuiwala monga tinkaiwalira onse ochira bwino.

Patapita mwezi ndi kanthu, Mateyu anabwera pa njinga kudzapempha mankhwala ogonetsa. Anati mkazi wake sagona, sadya, amangolira, ndipo masiku ano akukana kuyamwitsa. A Chimphepo anamuuza kuti sapereka mankhwala kwa munthu amene sanamuone, abwere naye. Mateyu anati sangatuluke, akadali m'chikuta. A Chimphepo anamufunsa kawiri. Inu a m'tauni mwina mwaiwala: mayi akachira amakhala m'nyumba ndi khanda mpaka mchombo utagwa, masiku owerengeka chabe. Kenako amake kapena amayi aakulu a kwawo amameta mwanayo, kusesa m'nyumba, n'kuwatulutsa panja kuti anthu awaone. Munthu kukhala m'chikuta mwezi wathunthu tinali tisanamvepo.

Sabata yomweyo tinali ndi sikelo yoyendera pa esiteti yawoyo. Mayi Zimba ankabaya katemera pansi pa mtengo wa mango, ine ndinkakoleka ana pasikelo. Mzere utachepa anandituma kuti ndikaone. Mateyu anandilozera kanyumba iye ali pachigafa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Pakhomo ndinapeza nkhuni zounjikidwa bwino, ndowa ya madzi ndi kamtolo ka nkhwani wofota. Ndinati odi, palibe anayankha. Mayi wina wa kanyumba kapafupi, amene ankasoka fodya, anandikodola n'kundinong'oneza kuti ndisalowe, Esinati ndi mwana sanatulutsidwe m'chikuta. Ndinamufunsa amene amaika nkhuni ndi madzi. Anati ndi iwo amayi a pamenepo, amasinthana, koma amasiya pakhomo. Onse anali ndi amuna awo, ndipo mwambo umati munthu wokhala ndi mwamuna ndi wotentha, akalowa n'kugwira khanda losatulutsidwa akhoza kulisempha, lizitupa mpaka kufa. Panalibe amene ankafuna kuti mwana wa eni ake akadwala, dzina lotchulidwa likhale lake. Komanso kutulutsa munthu m'chikuta si ntchito ya wapadera, choncho ankadikira amake a Esinati. Uthenga unapita ku Phalombe, koma mayiwo sakanatha kukwera basi fodya asanagulitsidwe.

"Ifetu tikumusunga mwanayo," anatero mayiyo. "Mmene tachitiramu ndi ulemu."

Ndinamuuza kuti ine ndine wamasiye, palibe chimene ndingasemphe, ndipo ndinakankha chitseko.

M'katimo munali mdima ndi fungo la matewera. Esinati anakhala pakona atatsamira khoma, tsitsi losapesa. Mwana anali pamphasa kutali naye, akulira mawu atasasa. Pambali panali mbale ya nkhwani yosakhudzidwa. Ndinalawa, munalibe mchere. Mayi wa m'chikuta sathira mchere m'ndiwo, amamuthirira wina, ndipo Mateyu ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. Chichokereni kuchipatala kwathu mtsikanayo ankadya ndiwo zopanda mchere, pamene wadya. Ndinanyamula mwana n'kufunsa dzina lake. Anati alibe. Ndinamupatsa kuti amuyamwitse, iye anabisa manja kumbuyo.

"Mutengeni, mayi," anatero osandiyang'ana. "Manja angawa si abwino. Pali chimene chikundiuza kuti ndikamuponye m'chitsime, ndipo ine ndatopa kukana."

Ndinapeza mchere m'kachitini, ndinathira m'ndiwo zija, kutenthetsa, n'kukhala naye mpaka anadyako pang'ono. Kenako ndinabereka mwana kumsana, iye n'kumugwira dzanja, tinatuluka. Amayi aja anaima m'zigafa akuyang'ana. Mmodzi anati ndaswa mwambo. Wina wa ku Mangochi anati ayi, wamasiye ndi munthu wamkulu. Anatsala akukangana okha, ife tinali titafika pamtengo wa mango.

Sabata yomweyo, mu ofesi ya a Chimphepo

A Chimphepo anakhala naye nthawi yaitali akumufunsa mafunso, kenako anaitana Mateyu, Mayi Zimba ndi ine. Anati amenewa ndi matenda ndipo ali ndi mankhwala, si ufiti. Amagwira amayi ena akangochira, ngakhale amene ali pakati pa abale awo, kusiyana kwake n'kwakuti kumudzi wina akanaona msanga. Anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba, imene malamulo a ntchito yawo ankaloza, inali kumutumiza kuboma, ndipo kumeneko mwina akamupititsa ku chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, kutali kummwera. Kumeneko akatetezeka, koma sangapite ndi khanda, ndipo palibe akudziwa kuti angabwereko liti. Yachiwiri inali yakuti namwino wa matenda a maganizo wa kuboma amuone, amupatse mapiritsi, azimwa ali kuno. Koma imeneyi ingatheke pokhapokha patapezeka munthu wamkulu wokhala naye nthawi zonse, wosamusiya yekha ndi mwana ngakhale popita kuchimbudzi.

Mateyu anayang'ana pansi. Kusiya fodya pachigafa nthawi imeneyo ndi kutaya chaka chonse, ndipo kapitawo wa pa esiteti anali atamuuza kale kuti esiteti si chipatala. Khanda lopanda bere, pa esiteti, m'dzinja, tonse tinkadziwa mathero ake ngakhale palibe anawatchula. Mayi Zimba anati iwo akuona kuti atumizidwe, chifukwa chikachitika choipa pano mlandu ukhala wa a Chimphepo ndi chipatala, ndipo mwana wakufa sabwezedwa. Sanalakwe. Ine ndinali ndi inu awiri m'zipinda ziwiri, ndipo chitsime cha chipatala chinali kuseri kwa nyumba yathu, chivundikiro chake chothyoka. Ndinaziganiza zonsezo. Ndinaganizanso kuti zinthu zikalakwika woyamba kuchotsedwa ntchito ndi wokolopa, ndipo nyumba imapita limodzi ndi ntchito.

"Akhale kwanga," ndinatero.

A Chimphepo anandifunsa kuti nanga ndikakhala kuntchito, nanga ndikagona tulo? Anati mtima wabwino wa munthu mmodzi sukwana, ndipo savomera mpaka ndiwabweretsere anthu ena. Ndinapempha kuti andipatse mpaka Lamlungu. Masiku amenewo Esinati anakhala m'wodi, pabedi loyang'anana ndi ofesi, mwana ali m'manja mwa Mayi Zimba.

Lamlungu ndinachita chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Mapemphero atatha ndinachoka kumbuyo kuja n'kupita kutsogolo kukapempha amayi amasiye ndi amayi okalamba kuti atsale. Sindinanene kuti mtsikanayo wazungulira mutu. Ndinati pali mwana wa eni ake amene wasowa womutulutsa m'chikuta ndi womuthirira mchere, ndipo tsopano akudwala maganizo. Kenako aNabanda, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa pa Kamwendo, anaseka.

"Ndiye kuti umasiyewu wapeza ntchito? Zaka zonsezi timangoitanidwa kumaliro."

Wina anati iye akukayika ngati aNabanda ndi ozizira zoona, poona mmene amasekera ndi anyamata a kabaza. ANabanda anati kwawo chotentha ndi chiwaya chokha, amene akukayika abwere adzagwire. Anaseka onse, ndipo atatha kuseka anayamba kugawana masiku. Lolemba ndinapita nawo kwa a Chimphepo, amene anawauza zoyenera kuyang'ana ndi zoyenera kubisa: mipeni, zingwe, mankhwala a makoswe. Pachitsime a Chimphepo anakhomapo okha matabwa.

Kuchokera dzinja limenelo mpaka fodya atagulitsidwa

Namwino wa kuboma anamuona, anagwirizana ndi a Chimphepo, n'kupereka mapiritsi amene mayi woyamwitsa angamwe. Nthawi imeneyo mapiritsi otere ankasungidwa kuboma kokha, ndipo wodwala ankayenera kukawatenga mwezi ndi mwezi. Kwa tenanti ulendo umenewo ndi waukulu. A Chimphepo anapempha kuti aziwasunga iwo m'kabati yawo yokhoma, namwinoyo azibwera mwa apo ndi apo kudzaona. Zinatenga nthawi koma zinaloledwa, ndipo pambuyo pake zinathandiza anthu ena a khunyu ndi a maganizo amene kale ankasiyira mankhwala panjira.

Amayi a kutchalitchi aja anayamba ndi mwambo. Anameta mwana, kumusambitsa, kusesa nyumba yanga ngati ndiyo ya chikuta, n'kuwatulutsa awiriwo pabwalo. A Chimphepo sanatsutse, anangoti lumo likhale latsopano ndipo mwana asamwetsedwe chilichonse. Dzina anapereka aNabanda, Alinafe. Amayi a pa esiteti atamva kuti watulutsidwa bwinobwino anayamba kubwera, ena ndi ufa, ena ndi sopo. Amene anandiletsa kulowa uja anabwera ndi chitenje chatsopano.

Sindikufuna muganize kuti zinayenda mosalala. Masabata oyamba Esinati ankayamwitsa pokhapokha wina atamugwirira mwana pabere, iye nkhope atatembenuzira kukhoma. Mapiritsi ankamulemetsa thupi. Tsiku lina masana, wodikira atathamangira kukaanula zovala mvula itayamba, Esinati anatuluka n'kuyenda mpaka kumsewu waukulu, wopanda nsapato. Anamubweza ndi amayi ogulitsa tomato. Mayi Zimba anati tsopano taona, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuvomera kuti atumizidwe. A Chimphepo anandipeza ndikuchapa magolovesi. Anati nawonso akuopa, ndipo ndikafuna kusiya palibe angandinene. Kenako anafunsa pamene mwana anapezeka. Ndinati pabedi, atafunditsidwa, pilo mbali iyi ndi chitenje chokulunga mbali inayo kuti asagwe. Anati munthu amene wakumbukira kuika pilo wayamba kubwerera. Anafunsa namwino wa kuboma, anasintha mlingo wa mankhwala, ndipo tinapitiriza.

Inu mumakumbukira kuti miyezi imeneyo munkagona pabalaza. Tiyanjane anandifunsa ngati mlendoyo ndi m'bale wathu, ndinati ayi. Anafunsa kuti nanga bwanji akugona pabedi langa. Sindinamuyankhe bwino tsiku limenelo, ndipo mwina n'chifukwa chake nkhaniyi ndaitalikitsa chonchi.

Amayi odikira sankamupatsa uphungu uliwonse umene ndingautchule. Ankabwera ndi ntchito zawo, kusenda mtedza, kuluka, kutongola chimanga, n'kumacheza nkhani za pamsika ngati iye palibe. Patapita nthawi anayamba kumupatsa lichero kuti apete. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinamumva akutsutsana ndi aNabanda za kaphikidwe ka nyemba za kalongonda, iye akuti anthu a kuno mumangowononga nkhuni, simudziwa kanthu. Inali nthawi yoyamba kumva mawu ake atakwera. Mateyu ankabwera Lamlungu lililonse n'kukhala pakhonde, mwana ali pamiyendo. Kapitawo uja anasintha mawu bwana wa esiteti atamva nkhaniyi kwa abusa, ndipo phoso la Esinati linayamba kubwera kunyumba kwanga pa thirakitala.

Zaka zotsatira, mpaka kupuma

Gulu la amayi aja silinathe. Mkazi wa tenanti akachira pachipatala pathu wopanda m'bale, Mayi Zimba ankandituma kukauza aNabanda, ndipo wina ankapita naye kukanyumba kwake mpaka atatulutsidwa. Gululo linalibe dzina kapena yunifolomu. Chaka china kunabwera bungwe lina ndi galimoto, linamva za ife, linati likufuna kutithandiza. Linasankha amayi odziwa kulemba n'kuwapatsa matisheti, njinga ndi alawansi ya maphunziro. Amene sanasankhidwe, ambiri okalamba, anati azipita omwe avalawo. Osankhidwawo ambiri anali ndi amuna, ndipo matenanti sankawalola kulowa m'chikuta. Bungwelo nthawi yake itatha linachoka, ndipo panapita nthawi yaitali amayi aja asanayambenso kulankhulana. Sindikuti anthuwo anali oipa. Anabwera ndi zimene anali nazo, koma sanafunse chimene chinkachititsa kuti zitseko zizititsegukira.

Pa mkangano wa a Chimphepo ndi Mayi Zimba uja, tsopano ndili ndi maganizo anga, ngakhale palibe wondifunsa. Popanda mapiritsi ndi namwino wa kuboma Esinati sakanachira, ngakhale tikanamuthirira mchere chaka chonse. Zimenezo boma lisazisiye, ndipo lizizifikitsa pafupi, osazitsekera kutali ndi anthu. Koma boma silingakhale pamphasa ndi munthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo wina akabwera kudzalemba ganyu anthu oti atero, amathamangitsa amene ankatero kale. Mayi Zimba ananena zoona kuti tenanti alibe abale. Ine ndinangoona kuti amasiye a pampingo wathu anali ndi nthawi ndi manja, koma zaka zonsezo palibe anawapemphapo.

Esinati sindinamuonenso kuchokera chaka chimenecho. Sindikudziwa ngati matenda aja anamubwerera pa mwana wachiwiri, monga a Chimphepo anachenjezera Mateyu kuti akhoza kutero. Chimene ndikudziwa ndi mmene anachokera. Unali mwezi wa Ogasiti, fodya atagulitsidwa, ndipo lole ya esiteti inabwera kudzatenga matenanti obwerera kummwera. Inaima pamsewu pa Kamwendo itadzaza matumba, njinga ndi nkhuku. A Chimphepo anali atamupatsa mapiritsi oyambira ndi kumuuza chipatala chokaonekera kwawo. Lole inali yaitali, ndiye Esinati anamasula Alinafe kumsana n'kundipatsa kuti ndimugwirire iye akukwera. Mateyu, amene anali kale pamwamba, anamukoka dzanja, iye anaponda tayala, anakwera. Mateyu anaweramanso kuti ndimupatsire mwanayo. Esinati anamukankhira pambali ndi chigongono.

"Ndipatseni ine, mayi," anatero, manja onse awiri atatambasulira pansi.

Ndinamupatsa. Dalaivala analiza hutala, ndipo ine ndinabwerera kukakolopa, popeza tsikulo linali la sikelo.